Njovu za pa Denga la Mayi Kulusumu

Dzina langa ndi Levison, ntchito yanga ndi ukalipentala. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6, koma denga ndimalidziwa. Anandiphunzitsa ntchitoyi ndi malemu Che Sulaiman a ku Area 1, cha kuseri kwa msika waukulu. Ndinakhala pakhomo pawo zaka zisanu ndi chimodzi, kudya m'mbale imodzi ndi ana awo, ine Mkhristu iwo Asilamu, wondifunsa panalibe. Ndiye akazi awo, Mayi Kulusumu, akandiitana sindifunsa kuti n'chiyani. Ndimangonyamula nyundo.

Chaka chatha mu Okutobala anandiimitsa pa geti la msika, pomwe amagulitsa samusa ndi zitumbuwa.

"Iwe Levi, wasowatu. Ukudikira maliro anga kuti udzapeze ntchito ya bokosi? Ife sitiikidwa m'bokosi, udzangotaya nthawi."

"Ayi amayi, kutangwanika basi."

"Denga lija latha. Dzinja lapitali tinkagona ndi mabeseni pabedi. Rukaiya akukwatiwa mu Disembala, alendo a ku Mangochi adzafikira pakhomo panga. Ndidzawagawire maambulera m'nyumba?"

Rukaiya ndi mwana wawo womaliza. Ndalama ya malata atsopano analibe, yonse inali italowa ku za ukwati. Anati ndingokwera, ndikamate mabowo ndi phula, mvula ya chaka chino idutse, zina tidzaona kutsogolo.

M'mawa mwake ndinakwera. Zaka zonse zija ndinakhala pakhomopo, pa denga limeneli ndinali ndisanapondepo. Che Sulaiman ankakwera okha, ankati ndi denga la bambo awo. Nditaona malatawo ndinangogwira m'chiuno. Anali ataola moti ukaponda pamalira ngati bisiketi. Phula silikanathandiza kanthu. Koma chomwe chinandidabwitsa ndi misomali. Pansi pa mutu wa msomali timaika kachitsulo kozungulira kotchinga madzi, ife timati washa. Mawasha a pa denga limeneli anali aakulu, obiriwira. Ndinakanda imodzi ndi chikhadabo. Panatuluka njovu ziwiri zitaimirira ndi miyendo yakumbuyo, msomali uli pakati pawo. Ndinakanda ina, njovu. Inanso, njovu. Denga lonse mizere yokhayokha ya njovu, mazana atatu kapena anayi.

Pamsonga penipeni, pomwe malata amakumana, panali chitsulo china chomangidwa ndi waya, chopingasa ngati mtanda wa miyendo yofanana, kukula kwake ngati mbale yodyera. Ana a m'deralo nyumbayi ankaitcha "kwa mtanda", ndipo anthu ankawaseka Che Sulaiman kuti Msilamu wanji wokhala ndi mtanda pa denga.

"Amayi, pa denga panu pali njovu!" ndinakuwa.

"Ndi mapeni amenewo. Tsika ndikuuze, usandigwetsere m'mafuta."

Anandiuza zomwe iwonso anamva kwa apongozi awo aakazi. Bambo ake a Sulaiman, Che Hamdani, anali telala, anakasokanso ku migodi ya ku Kongo ali mnyamata. Atabwerako anatsegula tiyirumu. Mapeni obooka pakati a nthawi ya Chitaganya ankawaponya m'debe. Kwacha itabwera anthu anauzidwa kukasintha ndalama zakale, koma iwo anakana, amvekere ndalama yopanda bowo si ndalama, ungaimange bwanji pa chingwe. Nthawi inatha, mapeni anasanduka zitsulo chabe. Pofolera nyumbayi anati mawasha sagula, ali nawo debe lodzaza. Chitsulo cha pamsongacho anachitenga ku Kongo, munthu wina analipira nacho suti. Anachimangirira pamenepo kuti chipsinje lata lomwe linkakupiza ndi mphepo.

Ndinawauza zoona, kuti dengalo lifunika latsopano, malata ndi matabwa omwe. Anangoti, "Mulungu alipo," n'kutembenuza zitumbuwa. Potsika ndinali nditatsala ndi peni imodzi yomwe inazuka yokha ndi msomali wake woola, pamalo pomwe Che Sulaiman anamatapo phula kale. Ndinaiika m'thumba n'kuiiwala.

Tsiku lotsatira ndinali ndi ntchito ku Area 10, kwa a Chikaonda. Bambo amenewa anagwira ntchito ku Capital Hill zaka makumi atatu, anali bwana wamkulu ndithu, pano anapuma. Anzawo akapuma amaweta nkhuku kapena kulima chimanga ku Mitundu. Iwo amasunga ndalama zomwe sizigula kanthu. Ali ndi chipinda chathunthu cha zimenezi, ndipo kabati yake ndinapanga ndine, madilowa khumi ndi awiri, lililonse loyala nsalu yobiriwira ndi timaenje tozungulira. Akafuna kugwira ndalama imodzi amayamba avala magolovesi oyera ngati a polisi ya pamsewu.

"Levison," anandiuza tsiku lina, "izi ndi ndalama za maiko omwe anafa ali akhanda. Iyi ndi ya Biafra. Iyi ya Katanga, ku Kongo uko, dziko la zaka zitatu zokha. Izi za Chitaganya chathu chija. Maikowo anapita, ine ndimasunga nsapato zawo."

Zinthu ziwiri zinkawadya mtima, ndipo aliyense wolowa m'chipindamo ankazimva, afune asafune. Choyamba, pa dilowa la mapeni a Chitaganya kadzenje kamodzi kanali kopanda kanthu, ka chaka cha 1958. Mnzawo wina, a Peterson, omwe amamwa nawo khofi ku City Centre, anali ndi zaka zonse, ndipo akakumana ankawafunsa kuti, "Dzino lija lamera?" Chachiwiri, pa kandalama ka Katanga panajambulidwa mtanda wa mkuwa, womwe akuti anthu a kumeneko ankagulira zinthu azungu asanabwere. A Chikaonda anali ndi chithunzi chokha pakhoma. Weniweni anali asanaugwirepo.

Tsikulo ndinkakonza dilowa lomwe linkakanirira. Ndikufuna pensulo m'thumba, ndinatulutsa peni ija n'kuiika patebulo. A Chikaonda anasiya kapu ya tiyi m'malere.

"Waitenga kuti iyi?"

"Pa denga, bwana."

"Pa denga la ndani? Ilipo imodzi yokha?"

Vuto langa ndi loti ndikafunsidwa ndimayankha. Ndinanena za mizere ya njovu. Ndinanenanso za chitsulo cha pamsonga, n'kuloza chithunzi cha pakhoma kuti n'chofanana ndi icho. Bambo aja anakhala pansi. Kenako anavala magolovesi, anatembenuza peni ija. Mbali yomwe pamakhala chaka inali itamatika phula lakuda bii.

"Ndikande ndi mpeni, bwana?"

"Usayerekeze! Ndalama yakale sitikanda, sitipukuta, sititsuka. Dzimbiri lakelo ndilo ulemu wake." Anaikankhira kwa ine ndi chala. "Iyi yaonongeka, tenga. Zabwino zili pa denga."

Anatseka chitseko kuti akazi awo, Mayi Eveless, asamve, ndipo anatsitsa mawu. Anati andigulira misomali yatsopano. Ine ndikwere ngati ndikukonza denga, ndizule yakale yonse, ndikhome yatsopano, mapeni ndi chitsulo chija ndibwere nazo m'chikwama cha zida.

"Mayiyo asadziwe. Kwa iye n'zinyalala. Ukamuuza ayamba kuona ngati ali ndi golide. Ukachita zimenezi, makabati onse a kukhitchini ya madamu upanga ndiwe. Ndalama yake ili kale pambali."

Sindibisa, ndinavomera. Makabati a khitchini ya ku Area 10 ndi ntchito ya miyezi iwiri. Ndinadziuza kuti misomali yatsopano ndi chithandizonso.

Lachinayi ndinafika kwa Mayi Kulusumu ndi thumba la misomali ya zipewa, makilo atatu. Ndinawapeza pakhonde akusenda anyezi.

"Malata ali kuti?"

"Misomali yokha, amayi."

"Wagula ndi ndalama yako? Iwe Levi, amene unkachapa malaya ndi sopo wa Rukaiya?"

Ndinayang'ana pansi.

"Dzana unati denga laola. Lero ukufuna kukhoma msomali watsopano pa lata loola. Anakuphunzitsa choncho Che Sulaiman? Khala apa. Yambira poyamba."

Ndinaulula zonse, mpaka za makabati. Ndinkaganiza kuti alira kapena andithamangitsa. Anaseka mpaka kutsokomola, misozi ya anyezi ndi ya kuseka yonse pamodzi. Atamaliza anandimenya ndi chipande paphewa, osati mwamasewera.

"Chimenecho n'cha kuba. Tsopano tandiuza, akufuna chaka chanji bamboyo?"

"1958."

"Peni ya apongozi anga ija bweza."

Ndinawapatsa. Anaimanga pa nsonga ya chitenje.

"Pita ukawauze kuti gogo uja waona misomali, wathokoza. Koma za pa denga la apongozi ake sizichoka m'chikwama cha kalipentala. Wozifuna abwere masana, akwere yekha, asankhe zomwe akufuna. Usaonjezere, usaname. Loweruka Rukaiya adzakhala pa geti la msika, ine ndidzakazingira pakhomo pano."

A Chikaonda atamva anafunsa chinthu chimodzi. "Akudziwa kuti ndine ndani?"

"Akudziwa kuti ndinu bambo wokonda zitsulo zakale."

"Basi. Ndipita ngati wogula zitsulo."

Loweruka cha m'ma leveni anasiya galimoto pa malo omwetsera mafuta, n'kuyenda wapansi. Anavala ovolosi ya wantchito wawo wa m'dimba, yofika m'katumba, ndi chipewa chong'ambika. Koma nsapato zinali zopolisha mpaka kuwala, ndipo wotchi anaiwala kuvula. Mayi Kulusumu anawayang'ana kuyambira ku chipewa mpaka ku nsapato.

"Takulandirani achimwene. Bizinesi ya zitsulo ikuyenda bwino, ndaonera nsapato."

"Timayesetsa, mayi. Ndamva muli ndi misomali yakale. Ndikhoza kukuchotserani ulere, n'kukuikirani yatsopano."

"Mulungu akudalitseni. Makwerero ndi awo. Levi, wathandize bambowa, asandithyokere pakhomo."

Ndinayala thabwa pa denga kuti apondepo. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri anakwera ngati mwana wothyola mango, osayang'ana pansi ngakhale kamodzi. Atafika pamwamba anagwada, n'kutulutsa galasi lokulitsira zinthu. Anakwawa mpaka pamsonga, anagwira chitsulo chija ndi manja awiri. Koma waya wake unali wolimba, wolowa m'kati mwa nyumba, ndiye anati tiyambe ndi mapeni.

Apa ndi pomwe Che Hamdani anatigwira tonse ali m'manda. Peni iliyonse anaikhoma njovu zikuyang'ana kumwamba. Chaka chinali pansi, chogundana ndi lata. Kuti uwerenge chaka, uzule msomali.

"Zula iyi," anatero a Chikaonda.

Ndinazula. Lata loola linang'ambika, panatsala bowo lolowa zala ziwiri. Anatembenuza peni.

"1957. Pafupi! Zula ya pambali pake."

"Bwana, msomali watsopano sugwira apa, bowo lakula."

"Tikonza kumapeto. Zula."

1962. Ina, 1956. Ina, 1962 kachiwiri. M'nyumba tinamva mawu a Mayi Kulusumu.

"Achimwene a zitsulo! Dzuwa lalowa pa bedi langa. Ndaikapo beseni."

"Pepani mayi, titseka posachedwa."

Patapita kanthawi: "Lalowanso pa sutikesi ya zovala za mkwatibwi. Ndaikapo poto."

A Chikaonda anangoloza peni yotsatira. Ndinaonapo anthu otchova njuga pa depoti, omwe amati kamodzi kokha komaliza mpaka kugulitsa jekete. A Chikaonda anali chimodzimodzi. Peni iliyonse inali yomaliza. Thukuta linkagwera pa galasi lija, malata akutentha ngati chiwaya cha tchipisi, koma iwo, "Zula. Zula iyo. Ayi, ya mzere wachiwiri, ndikuimva m'thupi." M'nyumba mabeseni anatha, mapoto anatha, amayi anayamba kubwereka mbale kwa anansi. Wobwereketsa mbale aliyense ankabwera nayo yekha kuti adzaone, ndipo sankabwerera. Pofika thu koloko pabwalo panali anthu ngati pa msonkhano, ena akugula zitumbuwa zomwe amayi ankakazinga pomwepo. Mabowo anali makumi asanu ndi limodzi ndi atatu. Ndinawerenga ndekha. 1958 panalibe.

Pagulupo panali Alesi, wogulitsa tomato, woyandikana ndi Mayi Kulusumu. Anatchinga dzuwa ndi dzanja, n'kuyang'anitsitsa.

"Iii! Si abwana Chikaonda awo? Abwana! Ndine Alesi, ndinkasesa mu ofesi mwanu zaka khumi ndi ziwiri! Penshoni yavuta mpaka mukuzula misomali?"

Anthu anafa nacho chiseko. Achinyamata anatulutsa mafoni n'kuyamba kujambula vidiyo. A Chikaonda anakokera chipewa kumaso, koma munthu ali pa denga alibe pobisala. Nthawi yomweyo kunagunda cha ku Likuni. Titatembenuka tinaona mitambo yakuda ikubwera, mphepo yafungo la dothi ili patsogolo. Chizimalupsa.

"Levison, tiye titsike."

Apa ndi pomwe anayang'ana pansi koyamba. Anagwira m'mphepete mwa lata, mwendo umodzi ukufufuza makwerero, winawo ukukana kuchoka. Pansi, wogwira makwerero anali Mayi Kulusumu.

"Tsikani bwino, bambo Chikaonda. Ndagwira ndine. Kungoti manja angawa ndi okalamba, komanso ali ndi mafuta."

"Gwiritsani, mayi, chonde."

"Ndagwira. Koma tisanatsike tikambe. Mwabwera kudzandichotsera misomali ulere. Mwandisiyira sefa. Mvula ndi iyo. Zovala za mkwatibwi zili pansi pa poto. Anthu onsewa aona amene wabowola."

"Ndilipira mapeni omwe ndazula."

"Ine sindigulitsa peni. Kumsika nkhuku sitigulitsa nthenga imodzi imodzi. Mukafuna njovu, gulani denga lonse."

"Zingati?"

"Ndalama sindikufuna, ndingadyere ukwati. Mubweretse malata atsopano, olimba, osati opyapyala a khola la nkhunda. Matabwa omwe. Misomali munagula kale, zikomo. Akalewa mutenge onse, ndi njovu zake zonse, mukafufuze muli pamthunzi ngati munthu wamkulu."

Kunagundanso, pafupi. Dontho loyamba linagwa pa lata.

"Nanga mtanda uja?" anafunsa a Chikaonda, mwendo uli m'malere. Ngakhale pamenepo sanauiwale.

"Umenewo utsika pomaliza, msomali womaliza ukalowa pa denga latsopano."

"Muli ndi umboni wanji woti 1958 ilimo m'mapeni otsalawa?"

"Palibe. Ine sindinakwereko pa denga chibadwire."

Alesi anakuwa, "Vomerani abwana, munkasainira zazikulu kuposa izi!"

Anavomera. Amayi anawauza kuti abwereze mokweza kuti akumbuyo amve, ndipo anabwereza. Atangoponda pansi mvula inakhuthuka. Panalibe nthawi ya manyazi. Tonse tinathamangira m'nyumba, ndipo kwa theka la ola bwana wamkulu wa ku Capital Hill anaimirira pakati pa chipinda atanyamula poto pamwamba pa sutikesi ya Rukaiya, madzi ena akuwatsikira m'khosi mwa ovolosi. Amayi ankawalondolera. "Kumanzere pang'ono, bambo. Apo. Muli ndi luso."

Lolemba tinapita kukagula malata ndi matabwa. Ndalama yomwe inagula ndi ija ya makabati a kukhitchini ya madamu. Ndiye ntchito yanga ya miyezi iwiri inathera pomwepo, ndipo ndinamva kuti Mayi Eveless anakhala mlungu wathunthu akulankhula ndi amuna awo kudzera mwa wantchito wa m'dimba. Kwa Mayi Kulusumu nakonso sindinalandire kanthu. Anati malipiro anga ndi mpunga wa masana ndi kukhululukidwa, ndipo kukhululukidwako n'kokwera mtengo kuposa mpungawo.

Ndinagwira masiku anayi. Ndinkatsitsa lata lakale, a Chikaonda ankalikokera pansi pa mtengo wa mango, n'kumazula mapeni okha ndi pulayala. Ovolosi anaisiya, ankabwera ndi malaya awo ndi mpando wopinda. Amayi ankawapatsa tiyi ndi samusa. Tsiku loyamba ankaimba mluzu. Tsiku lachiwiri anasiya. Tsiku lachinayi masana anazula peni yomaliza, anaiyang'ana ndi galasi, n'kuiponya m'ndowa momwe munali zinzake.

"1961," anatero, osauza munthu aliyense.

Ndinakhoma msomali womaliza cha m'ma folo. Chitsulo chija ndinali nditachimasula kale, amayi anachisunga pansi pa bedi. Analowa m'nyumba, anayang'ana kumwamba ngodya zonse kufuna kadzuwa kolowa, sanakapeze. Anatuluka nacho chili m'nsalu, n'kuchipereka ndi manja awiri.

A Chikaonda anavala magolovesi pomwepo pansi pa mango. Anachinyamula, anachiyeza kulemera, anachitembenuza. Mbali imodzi inali yosalala, ina yokhakhala, pomwe mkuwa unagona pamchenga pouumba. Nkhope yawo inafewa pang'ono.

"N'chenicheni," anatero. "Mayi, mukudziwa kuti mabuku amati kale kumeneko mtanda umodzi ngati uwu unkagula nkhuku zisanu?"

"Nkhuku zisanu? Ndiye kuno wakwera mtengo. Wagula denga."

Sanaseke. Anayang'ana ndowa ija. "Mapeni mazana atatu ndi kanthu, koma chaka chimodzi chokhacho ayi. Peterson akamva za vidiyo ija, n'kumvanso kuti dzino silinamere..."

Anaimirira kuti azipita. Ndinanyamula ndowa kuti ndiwaperekeze.

"Dikirani, bambo," anatero amayi. "Kumsika kwathu munthu akagula zambiri sitimulola apite chomwecho. Timamuikira basela."

Anamasula mfundo ya pa nsonga ya chitenje, n'kuika kanthu pa golovesi loyera lija. Inali peni, yofiira, yowala ngati yatuluka kumene ku banki. A Chikaonda sanafunenso galasi. Ngakhale ine ndili chapatali ndinawerenga. 1958.

"Mwaitenga kuti?"

"Ndi ija inazuka yokha. Levi akuti munaigwira ndi manja anu ku Area 10, n'kumubwezera kuti yaonongeka."

A Chikaonda anadzutsa mutu. Kenako anafunsa pang'onopang'ono, "Munadziwa liti kuti ndi imeneyi?"

"Lachinayi lija, Levi atangochoka. Ndinachotsa phula ndi palafini."

"Ndiye Loweruka lonse lija, ine ndili padzuwa pa denga..."

"Inali pa chitenje. Munandifunsa za mapeni otsala pa denga, ndinakuyankhani zoona. Za pa chitenje simunafunse."

Anaitembenuza, anaiyang'ananso, ndipo mwadzidzidzi anakuwa ngati wapondedwa chala.

"Mwaipukuta! Mayi, mwaipukuta ndi chiyani?"

"Ndimu ndi phulusa. Ndikanapatsa mlendo chinthu chakuda?"

"Ndalama yakale sitipukuta! Mwaichotsa ulemu wonse!"

"Ngati yaonongeka bwezani, ndimangirepo makiyi."

Dzanja lija linafumbata msanga. Peni inalowa m'thumba la malaya, ndipo anamanga batani.

Ukwati unachitika pa 14 Disembala. Mvula inagwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, alendo a ku Mangochi anadzaza nyumba, ndipo mabeseni onse anali kukhitchini akugwira ntchito ya mabeseni. A Chikaonda anaitanidwa, anabwera ndi suti. Alesi ndi amene anawalandira pa geti n'kuwafunsa ngati abwera ndi pulayala.

Kadzenje ka m'dilowa kaja kanatsekeka. Peniyo imawala yokha pakati pa zinzake zakuda, ndipo alendo onse amayamba kuloza imeneyo kuti ndiye yokongola, zomwe zimawapweteka a Chikaonda nthawi iliyonse. Mtanda uja ndinaupangira kabokosi kagalasi. Makabati a madamu mpaka lero sanapangidwe. Ntchito zing'onozing'ono amandiitanabe, koma ndikangolowa pa geti, moni asanapereke, amati, "Levison, khuthula matumba patebulo apa." Ndimakhuthula. Amayang'ana kalikonse, ngakhale chivindikiro cha botolo, mbali zonse ziwiri.